Kompyuta Inati Thanki Ikwanitsa

## Mvula ya mu Januwale

Mvula ya ku Gauteng, ku South Africa, sigogoda pakhomo. Masana dzuwa limakhala likuswa mtengo, ikamakwana 3 koloko kumwamba kwada bii, ndipo usanafike pakhonde yayamba kale, ya matalala ndi ziphaliwali. Kwa ife ogwira ntchito yoyeretsa madzi a m'suweji, mvulayo sithera pomwe yakatira. Imatipeza patapita ola limodzi kapena awiri, itadzera m'mapaipi. Pamalamulo madzi a mvula sayenera kulowa m'suweji, koma zivundikiro zambiri za manhole zinasweka, zina zinabedwa, ndipo alipo anthu amene analumikiza madzi a padenga ku paipi ya chimbudzi. Zonsezo zimathera kwa ife.

Tsiku limenelo ndinali pa shifiti ndi mdala wina wa ku Angónia, amene anabwera kuno ine ndisanayambe sukulu. Tikakhala awiri timayankhula chathu. Mita ya madzi olowa itayamba kukwera, iye sanataye nthawi pa sikirini. Anatenga chubu chake choonekera mkati, chachitali kuposa anthu awiri osanjikizana, n'kukwera pa mlatho wa thanki yodikhitsira matope. Chubucho umachitsitsa pang'onopang'ono mpaka chigunde pansi, n'kuchikoka chitatseka, ndipo chimatuluka ndi chithunzi cha thanki yonse: pamwamba madzi oyera, pansi matope abulauni, pakati mzere woonekeratu. Matope ogona pansiwo timawatcha bulangeti.

"Mphwanga, likubwera," anatero.

Poyezanso kachiwiri, bulangeti linali litakwera ndi mkono wathunthu. Tinakweza mapampu obwezera matope mpaka pothera, koma ayi ndithu. Posakhalitsa tinayamba kuona matope akufufuma pansi pa madzi cha kukhoma, kenako n'kudutsa m'mano achitsulo a m'mphepete mwa thanki, ulendo wa kumtsinje. Matope amenewo si nyansi chabe. Ndi mabakiteriya amene timawaweta kwa milungu kuti azidya zoipa za m'madzi, ndipo akapita, malo onse amafooka kwa masiku.

"Zimitsani ma aerator awiri omalizawo, matope agone komweko."

"Bambo, nanga ammonia?"

"Ammonia tidzalira mawa. Zimitsani."

Tinazimitsa makinawo, amene amapatsa madzi mpweya ndi kuvundula matope, ngakhale kuti popanda mpweya mabakiteriya sadya ammonia, choipa china cha m'suweji. Matope anayamba kugona m'thanki yopatsira mpweya, madzi opita ku thanki yodikhitsira anapepuka, ndipo bulangeti linaima.

Chimene chinandikhala pamtima si fungo kapena mafomu amene tinadzaza mawa lake. Ndi lipoti. Miyezi ingapo m'mbuyomo kunabwera akatswiri a kampani ina kudzaunika ngati malo athu angalandire madzi ochulukirapo. Anasiya lipoti lonenepa, la zithunzi zamitundumitundu, ndipo pa tsamba lina linanena mosapita m'mbali kuti mathanki athu akwanitsa madzi a nthawi ya mvula. Madzi a tsiku lija sanapyole malire amene lipotilo linatchula. Anthuwo sanali mbuli, masamu awonso sanali opeka. Ndiye chinavuta n'chiyani? Funso limenelo ndi limene linandikhazika pansi kuyerekeza mafomula amene anthu apanga polosera mmene kanthu kamatsikira m'madzi.

## Kanjere kamodzi m'madzi odikha

Aliyense amayambira pa Stokes. George Gabriel Stokes, wa ku Ireland koma wophunzitsa ku Cambridge, analemba zimenezi mu 1851, ndipo za suweji sankaziganizako n'komwe: ankafufuza mmene mpweya ndi madzi zimachedwetsera pendulum. M'masamu akewo ndi mmene munatuluka fomula imene ili m'buku lililonse la zamadzi:

v = g(ρp − ρw)d² / 18μ

Liwiro lotsikira limadalira kusiyana kwa kulemera pakati pa kanjere ndi madzi, kukula kwa kanjereko, ndi viscosity, kutanthauza mmene madziwo amakanira kuti chinthu chidutsemo. Koma mphamvu yonse ili pa ka 2 kali pamwamba pa d, kukula kwa kanjere. Kanjere kakachepa ka 10, liwiro limachepa ka 100.

Tengani mchenga wamba, wolemera makilogalamu 2,650 pa kiyubiki mita, m'madzi a madigiri 20. Kanjere ka 0.1 mm kamatsika pafupifupi mamilimita 9 pa sekondi, moti mita imodzi kamaimaliza mphindi ziwiri zisanakwane. Ka 0.01 mm kamafuna maola atatu. Ka 0.001 mm, msinkhu wa dongo, kamafuna masiku pafupifupi 13, ndipo apo ndiye kuti palibe wagwedeza madziwo. Amene anatungapo madzi a mu Shire nthawi ya dzinja akudziwa: mchenga ugona pansi pa ndowa msanga, koma kufiira kuja kutsala. N'chifukwa chake oyeretsa madzi akumwa amathira mankhwala omata tinjere, monga alamu. Ku Thyolo, m'zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku University of Leicester anayesa ufa wa njere za chamwamba m'malo mwa alamu pa malo enieni oyeretsera madzi, ndipo zinatheka. Alamu kaya chamwamba, ntchito ndi imodzi: kukulitsa d.

Stokes ali ndi malire ake, ndipo ndi opapatiza. Amafuna kanjere kozungulira bwino, kolimba, kali kokha, kotsika mwakachetechete moti nambala ya Reynolds, yoyezera kuvunduka kwa madzi, isapyole 1. Mukamupatsa mchenga wa 1 mm, amakuuzani masentimita 90 pa sekondi, pomwe zenizeni zimagwera pakati pa 12 ndi 16, chifukwa kanjere kotero kamavundula madzi kumbuyo kwake ndipo kuvundukako kumakakokera m'mbuyo. Chimene amanena molondola, chomwe ambiri timaiwala, ndi za kuzizira. Viscosity ya madzi ndi 0.89 pa madigiri 25 koma 1.31 pa madigiri 10. Kanjere komweko kamataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro lake chifukwa cha chisanu chokha.

Pa malo athu Stokes ndi abale ake amagwira ntchito kumayambiriro, m'ngalande yochotsera mchenga, momwe madzi timawayendetsa pa mamita 0.3 pa sekondi kuti mchenga wa 0.2 mm ugone koma zopepuka zipitirire. Kupyola pamenepo, sathandizanso kwenikweni.

## Kuya sikuwerengedwa

Mu 1904 injiniya wa ku America, Allen Hazen, ananena chinthu chimene mpaka lero chimadabwitsa ophunzira atsopano: pochotsa tinjere tosamatana, kuya kwa thanki kulibe ntchito. Chofunika ndi kukula kwa pamwamba pake. Gawani madzi olowa pa ola ndi masikweya mita a pamwamba pa thanki, mupeza liwiro. Kanjere kotsika msanga kuposa liwirolo kagwidwa, kochedwa kathawa. Mukakuza kuya kawiri, madzi akhalitsamo kawiri, koma kanjere nakonso kali ndi mtunda wowirikiza kawiri woti katsike. Zafafanizana. Thomas Camp anazilongosola bwino mu 1946 ndi thanki yake yongoganizira, yopanda mphepo ndi mafunde.

Pa onse amene ndiwatchule muno, ndimaona kuti Hazen ndi amene ananena chachikulu ndi mawu ochepa. Ngakhale mapuleti opendekeka amene mumawaona m'mathanki amakono ndi maganizo omwewo, kuchulukitsa malo ogonapo tinjere popanda kukumba thanki ina. (Za kupendekekazo woyamba kuziona anali dokotala, Boycott, mu 1920, ataona kuti magazi amadikha msanga m'chubu chopendekeka kusiyana ndi choimirira.)

Koma Hazen nayenso amaganiza kuti kanjere kamafika pansi monga mmene kanayambira. Tizibuluma ta alamu, kapena zolimba za m'suweji yosaphwanyidwa, zimagundana potsika, n'kumatana, n'kuwonjezera liwiro. Pamenepo kuya kwayambanso kuwerengedwa, ndipo palibe fomula yaudongo. Umangodzaza chubu chachitali cha timipopi m'mbali, n'kumatapa madzi pa kuya kosiyanasiyana.

## Matope akachuluka

Tsopano tafika pa thanki yathu ija. Madzi ochokera ku thanki yopatsira mpweya amakhala ndi matope magalamu 3 mpaka 5 pa lita. Athireni m'silinda ya lita imodzi muone. Simuona kanthu kakutsika pakokha. Kwa mphindi zoyamba matope amangotakataka, kenako pamwamba pamabadwa kamzere kowongoka, madzi oyera pamwamba pake, ndipo mzerewo umatsika wonse pamodzi. Zili ngati potuluka pa Kamuzu Stadium Bullets ndi Wanderers zitatha kusewera: kaya ndiwe wothamanga chotani, uyenda pa liwiro la khamu, ndipo anthu akachuluka pa geti liwirolo limachepa. Chifukwa chake n'chakuti matope akamatsika, madzi amene anali pansi ayenera kukwera kudzera m'timipata ta pakati pawo. Timipata tikachepa, zonse zimachedwa.

Oyamba kulimbana nazo anali a m'migodi, Coe ndi Clevenger, mu 1916. Mu 1952 Kynch wa ku Birmingham anabweretsa ganizo limene ma model (masamu oyerekeza thanki) onse a pambuyo pake aimapo: liwiro la matope pa malo aliwonse m'thanki limadalira chinthu chimodzi chokha, kuchuluka kwa matope pa malo omwewo. Sananene kuti limadalira motani. Mpata umenewo ndi umene ena anathamangira kudzaza, ndipo apa m'pamene kuyerekeza kwenikweni kumayambira.

Richardson ndi Zaki, mu 1954, anati tengani liwiro la kanjere kamodzi, mulichulukitse ndi (1 − φ) wokwezedwa ka 4.65, pomwe φ ndi gawo la malo limene tinjere tatenga. Pa mchenga ndi timikanda tagalasi imagwira bwino kwambiri. Pa matope athu imakanika pa chifukwa chosavuta: kachibuluma ka mabakiteriya ndi madzi okhaokha mkati, ndiye malo amene katenga muwayeza bwanji? Dick ndi Young, mu 1972, anagwiritsa v = kX⁻ⁿ, pomwe X ndi kuchuluka kwa matope pa lita. Pakati imayenda bwino, koma X akamayandikira ziro liwiro limathawira kosatha, zomwe sizingachitike.

Imene inakhazikika ndi ya Aarne Vesilind ya mu 1968:

v = v₀ · e^(−nX)

Manambala awiri okha. v₀ akunena za liwiro loyambira, n akunena mmene matopewo amapanikizirana akachuluka. Tiyerekeze thanki yozungulira ya mamita 30 m'mimba mwake. Pamwamba pake ndi masikweya mita 707. Tsiku louma mulowe makiyubiki mita 500 pa ola: madzi akukwera pa mamita 0.71 pa ola. Tsiku la mvula mulowe 1,200: akukwera pa 1.70. Tsopano matope abwino, a v₀ = 8 ndi n = 0.4. Pa magalamu 3 pa lita amatsika mamita 2.4 pa ola, ndiye apambana madzi okwerawo. Pa magalamu 4.5 amatsika 1.3 okha, agonja. Thanki yomweyo, mvula yomweyo, kusiyana galamu imodzi ndi theka. Matope akafufuma, n n'kufika pa 0.6, ngakhale pa magalamu 3 liwiro ndi 1.3 basi, ndipo pa 4.5 latsikira pa 0.5, lomwe silikwana ngakhale tsiku louma.

Nditawerengera zimenezi m'pamene ndinamvetsa zinthu ziwiri za tsiku lija. Choyamba, chifukwa chimene mapampu obwezera sanathandizire. Mapampuwo amathandiza vuto likakhala pansi, matope akuunjikana mofulumira kuposa mmene akuchotsedwera. Koma madzi okwera akapambana liwiro la matope pa kuchuluka kumene akulowera, pampu ilibe mawu, chifukwa madzi odutsa m'mano aja sachepa ndi kupopa pansi. Chachiwiri, chifukwa chimene kuzimitsa ma aerator kunagwirira ntchito msanga chotero. Kunatsitsa X, ndipo X ali pamwamba pa e. Ukamutsitsa pang'ono, liwiro limalumpha.

Vesilind naye ali ndi pofookera. Matope akachepa kwambiri, monga m'madzi a pamwamba pa bulangeti, fomula yake imati liwiro ndi lalikulu kuposa pena paliponse. Zoona zake n'zosiyana: kumtundako kumatsala tizidutswa ting'onoting'ono tosamatana, tomwe sititsika n'komwe. Vesilind angakuuzeni ngati bulangeti likwere, koma za kuyera kwa madzi otuluka musamufunse.

## Manambala a kumapeto kwa lipoti

Kufooka kumeneko ndi kumene Imre Takács ndi anzake, Patry ndi Nolasco, anakonza ku Canada mu 1991. Anatenga fomula ya Vesilind n'kuchotsapo ina yofanana nayo, kuti matope akachepa kwambiri liwiro libwerere ku ziro, n'kuikanso kagawo ka zinthu zosatsika konse. Kenako anadula thanki m'zigawo 10 zosanjikizana, kompyuta n'kumawerengera matope odutsa kuchoka chigawo china kupita china. Ndi model imeneyi ukhoza kuona bulangeti likukwera pa sikirini ola ndi ola, komanso kupeza nambala ya matope otuluka ndi madzi. Inatchuka kwambiri, mpaka inalowa mu BSM1, malo oyeretsera ongoyerekeza amene ofufuza a dziko lonse amayesera njira zawo. Lipoti lathu lija linagwiritsa Takács.

Usiku wina shifiti itazizira ndinatsegula masamba a kumapeto kwa lipotilo, aja a timalemba ting'onoting'ono amene mabwana sawerenga. Pa tebulo la thanki yodikhitsira panali 474, panali 250, panali 0.000576, panali 0.00286. Ndinawazindikira nthawi yomweyo, chifukwa amene anaphunzirapo BSM1 manambala amenewa amakhala m'mutu. Ndi mamita 474 pa tsiku, malire a mamita 250 pa tsiku, ndi manambala awiri a kupanikizana, ndendende monga alili m'thanki yongoyerekeza ija ya masikweya mita 1,500 ndi kuya kwa mamita 4. Kukula kwa mathanki kunali kwathu, madzi olowa anali athu, koma khalidwe la matope linali lobwereka. Palibe anayeza matope athu.

Ikani magalamu 3 pa lita m'manambala amenewo, mupeza mamita pafupifupi 3.5 pa ola. Matope ofufuma a m'chitsanzo chathu chija amatsika 1.3. Kompyuta inayankha molondola funso la matope a eni.

Mawa lake ndinamuonetsa mdala. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kufunsa funso limodzi: "Ndiye anthu aja atabwera, silinda anaigwirako?"

## Kuyeza matope ako

Kuyeza v₀ ndi n sikufuna zida zodula, kumafuna kuleza mtima. Umatenga matope a m'thanki yopatsira mpweya, ena n'kuwasungunula ndi madzi otuluka, ena n'kuwakhuthalitsa ndi matope obwezera, kuti ukhale ndi kuchuluka kosiyanasiyana, kuyambira cha pa magalamu 2 mpaka 7 kapena 8 pa lita. Chilichonse umachithira m'chubu chachitali ndi chotakata bwino, chokhala ndi kawaya kozungulira kamodzi pa mphindi kuti matope asakakamire kukhoma. Ndiye umakhala pansi ndi wotchi ndi rula, kulemba pomwe mzere wafika mphindi iliyonse. Poyamba umazengereza, kenako umatsika mofanana, pomaliza umayamba kuchedwa. Liwiro umalitenga pa gawo lapakatilo. Ukajambula logarithm ya liwiro moyang'anizana ndi kuchuluka kwa matope, madontho amandanda pa mzere wowongoka: kupendekeka kwake ndi n, pomwe wayambira ndi v₀.

Athu anatuluka pafupi ndi chitsanzo cha matope ofufuma, osafika ngakhale theka la liwiro limene kompyuta inkaganiza. Pa maikulosikopu chifukwa chake chinaonekera: mabakiteriya aulusi atatuluka m'tizibuluma n'kumalumikizana, kutchinga kuti tisayandikane. Malo ochotsa nitrogen ndi phosphorus, amene kuno ku South Africa ndi ambiri, amadwala matendawa kawirikawiri, ndipo mmodzi wa oyambitsa odziwika ndi Microthrix parvicella.

Wina afunsa kuti bwanji osangogwiritsa SVI, imene timayeza tsiku lililonse. SVI ndi ya Mohlman, ya mu 1934: matope akhale m'silinda mphindi 30, mamililita amene atenga uwagawe ndi magalamu pa lita. Ndi yothandiza poona ngati zinthu zikusintha, koma ili ndi msampha. Matope a magalamu 10 pa lita, ngakhale atakana kutsika ngakhale pang'ono, SVI yake siingapyole 100, nambala imene m'buku imaoneka yabwino. N'chifukwa chake kuno ambiri amayamba asungunula matopewo, n'kuyeza DSVI. Alipo mafomula osandutsa SVI kukhala v₀ ndi n, monga a Daigger ndi Roper a mu 1985. Ndi abwino kuposa manambala obwereka, koma ndi avereji ya malo ambiri, osati anu.

Nditakhala ndi manambala athuathu, ndinayala mafomula onse pa madontho omwewo. Apa ndi pamene maganizo anga anasinthira. Pakati pa magalamu 2 ndi 6 pa lita, pomwe thanki imakhala masiku onse, mizere ya Vesilind, ya Dick ndi Young, ndi ya Takács inagona pamodzi moti kuisiyanitsa kunali kovuta. Imasiyana kumapeto kokha: kumtunda kwa madzi oyera, ndi pansi penipeni pa matope okhuthala. Koma matope omwewo a malo omwewo, ukawayeza nthawi ya chisanu ndi nthawi yotentha, mizere yake imatalikirana kwambiri kuposa mmene mafomula amatalikirana okhaokha. Ndikamawerenga mapepala oyerekeza ma model, ena akunyadira kuti yawo yagwirizana ndi madontho pa 0.98 pomwe ya mnzawo ili pa 0.96, ndimangoti zikomo. Model ya manambala asanu iyenera kupambana ya manambala awiri pa mpikisano wotere, popeza ili ndi mfundo zambiri zopindira. Mpikisano woyenera ndi wina: ikonzeni ndi manambala a tsiku louma, kenako ilosere tsiku la mvula isanalione.

## Bwanji zigawo 10?

Pali chinanso chokhudza Takács chimene sichinenedwa mokwanira. Mukasintha zigawo kuchoka pa 10 kufika pa 30 kapena 50, osasintha china chilichonse, yankho limasintha. Thanki ya simenti ilibe zigawo, ndiye yankho siliyenera kudalira mmene taidulira pa pepala. Chimachitika n'chakuti zigawo zikuluzikulu zimamwaza matope mwa masamu chabe, ndipo kumwazako kumabisa zinthu ziwiri zenizeni zimene model ilibe: kuvunduka kwa madzi polowera, ndi kukanikizana kwa matope a pansi. Pansi pa bulangeti tizibuluma timakhala titagundana, ta pamwamba tikutsamira ta pansi n'kumafinya madzi. Pamenepo ganizo la Kynch lagwa, chifukwa liwiro silikudaliranso kuchuluka kwa pamalopo kokha koma ndi kulemera kwa zimene zili pamwamba.

Raimund Bürger wa ku Concepción ku Chile, Stefan Diehl wa ku Lund ku Sweden, ndi Ingmar Nopens wa ku Ghent ku Belgium anatulutsa njira ina mu 2011. Kutsika kwa khamu, kukanikizana, ndi kuvunduka kwa polowera, chilichonse chili ndi gawo lakelake m'masamu, ndipo ukachulukitsa zigawo yankho limakhazikika pamodzi m'malo moyendayenda. Masiku abata imafanana ndi Takács. Kusiyana kumaonekera madzi akachuluka mwadzidzidzi, nthawi yomwe munthu amafunira model. Mtengo wake ndi wakuti manambala a kukanikizana ndi ovuta kuyeza, wotchi ndi rula sizikwana. Ndimaopa kuti ambiri adzangobwereka manambala a m'pepala, n'kubwerera pomwe tinali, kungoti ndi masamu okongola kwambiri.

Ndipo ma model onsewa amaona thanki ngati chubu choimirira, mmwamba ndi pansi basi. Saona kuti madzi olowa, polemera kuposa a m'thanki, amagwera pansi, n'kuyenda pamwamba pa bulangeti, n'kukakwera kukhoma, pomwe pali mano otulukira. Saona mphepo. Saona nitrate akusanduka mpweya mkati mwa bulangeti lokhalitsa, timathovu n'kumanyamula zibuluma za matope kupita nazo pamwamba. George Ekama ndi Gerrit Marais a ku University of Cape Town anayerekeza masamu amenewa ndi mathanki enieni, ndipo anapeza kuti thanki imagonja isanafike pa malire a pa pepala. Langizo lawo ndi loti muziwerengera pafupifupi 80 pa 100 ya zimene masamu akulonjeza. Ofuna kuona mafunde amenewo amapita ku CFD, masamu a pakompyuta oonetsa mmene madzi akuyendera m'thanki yonse, imene imathandiza pomanga thanki yatsopano kapena poika zotchinga, koma si chida cha munthu wa pa shifiti.

## Zimene timachita tsopano

Funso likakhala la mchenga, ndi Stokes wokonzedwa. Likakhala loti bulangeti likwera kapena ayi, ndimagwiritsa Vesilind ndi manambala oyeza tokha, kuchotsapo gawo la Ekama ndi Marais lija, ndipo zonse zimakwana pa tsamba limodzi lomata kukhoma: matope akakhala ochuluka chonchi, madzi olowa asapyole apa. Takács ndimamusiyira ntchito yoyerekeza malo onse pamodzi kwa miyezi. Kuyeza kwa machubu timakubwereza nyengo ikamasintha, komanso DSVI ikayamba kukwera.

Chotsatira chake chachikulu n'chakuti mvula isanayambe, cha mu Okutobala, timayamba kuchepetsa matope m'thanki yopatsira mpweya. Si zaulere. Matope otayidwawo ayenera kufinyidwa pa makina a belt press, polima (mankhwala omata matope) ndi wodula, malole onyamula nawonso ndi ndalama, ndipo chaka chilichonse mkangano ndi a ku ofesi umakhalapo. Palinso ngozi ina: mabakiteriya odya ammonia amaswana mochedwa, ndipo ukataya matope ambiri umawataya msanga kuposa mmene akuswanirana.

Chimene chimatipulumutsa ku Gauteng ndi nyengo. Mvula imabwera nthawi yotentha, pamene mabakiteriyawo akuswana msanga ndipo tingakwanitse ndi matope ochepa. Chisanu chikafika mu Juni ndi Julayi, pamene tikufuna matope ambiri, kumwamba kumakhala kouma. Anzathu a ku Cape Town alibe mwayi umenewo. Kwawo mvula imagwa nthawi ya chisanu, ndiye madzi ochuluka, viscosity yokwera, Microthrix amene amakonda kuzizira, ndi kufunika kwa matope ambiri, zonse zimafika pa thanki mwezi umodzi.